Belu la Yona

"Iwe Mabvuto, chitsiru chako chija ukachimangirire pamodzi na mbuzi kunyumba!"

Anakuwa choncho Lameki, mnyamata amene ankaliza belu pasukulu yathu ku Kanakantapa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Sindinamuyankhe ndi pakamwa. Chibakera changa chinatera pamphuno pake, magazi n'kudonthera pa yunifomu. Mtima wapachala ndinabadwa nawo, mkazi wanga amaudandaula mpaka lero.

Amene ankamunena chitsiruyo anali mng'ono wanga Yona. Yona sankayang'ana munthu m'maso, ndipo mawu ake anali ochepa. Belu lathu linali chitsulo cha gudumu la thirakitala chopachika pamtengo wa mango. Likangolira, Yona ankatseka makutu, n'kudzigwetsa m'fumbi akukuwa ngati wapsa ndi moto. Ana ankaseka, akuluakulu ankanong'ona kuti analodzedwa. Ahedi anali atawauza kale amayi kuti akachitanso zimenezi asabwerenso kusukulu, ndipo atate anali atayamba kunena zoti aziweta mbuzi.

Chilango cha chibakera chija chinali kuzula chitsa pafupi ndi mtengo wa belu anzanga ataweruka. Dzuwa linaswa mtengo, manja anatuluka matuza, mumtima ndikungotukwana. Yona anakhala pamthunzi kundidikira, chifukwa sankalola kupita kunyumba ndi munthu wina.

Mwadzidzidzi ndinamva kuti ngwee! Ndinataya khasu, ndikudziwa kuti kukuwa kwayambika. Ayi ndithu. Yona ndiye anali atatola kachitsulo kolizira kamene Lameki ankakasiya pamizu. Anapendeketsa mutu kumvetsera mpaka kulira kwa belu kutazirala, n'kumenyanso. Ankaseka. Kuseka kotero ndinali ndisanakumvepo pasukulu.

Amayi Zulu, aphunzitsi amene ankayang'anira chilango changa, anandigwira paphewa ndisanamulande.

"Musiye. Waona? Akamenya yekha adziwa kuti chibwera. Chimene chimuvuta ni kumudzidzimutsa." Anachotsa dzanja paphewa panga. "Ahedi nizakamba nawo ine. Koma belu ni ya Lameki, ukambe naye wekha. Na pakamwa, osati na manja."

Masiku ano mkhalidwe wa Yona uli ndi dzina, amati otizimu. Pamisonkhano ya makolo ndimamvabe anthu ovala bwino akunena kuti ana otere amasokoneza anzawo, apite kwina. Magazi amandiwira. Kwina kuti? Mwayesapo kufufuza chimene chikumupweteka mwanayo? Ife tinatsala pang'ono kutaya mwana chifukwa cha gudumu la thirakitala. Yona yemweyo lero amawotcherera mageti pa Chongwe, phokoso tsiku lonse, koma lochokera m'manja mwake.

Tsiku lotsatira chilango chija ndinalawirira ndi Yona, mame akadali pa udzu. Tinapeza Lameki ali kale pansi pa mango, mphuno itatupa ngati mbatata. Atandiona anakweza kachitsulo kaja kuti adziteteze. Ine ndinapinda manja kumbuyo, ndinawagwira zolimba kuti asandichititse manyazi.

"Lameki, nipempha. Iwe uziona nthawi, Yona azimenya."

Mawu amenewo anandivuta kuposa chitsa chija. Lameki anandiyang'ana, n'kuyang'ana Yona, kenaka anamupatsa kachitsuloko.

"Amenye katatu chabe, asationongere belu."

Yona anamenya. Sukulu yonse inathamangira pamzere, iye ataima chilili, makutu ali osatseka.