Miyala ya m'mbali mwa njira

Kukamacha, a Chikwanje amakhala atanola kale. Amanolera pakhonde la kanyumba ka antchito, kenako amapemphera chamumtima n'kulowa m'nkhalango mame asanakamuke. Dzinali anawapatsa ndi anzawo, poti chikwanje sichichoka m'manja mwawo ngakhale pamsonkhano. Ntchito yawo ndi kulambula tinjira timene alendo amadutsamo pokaona mathithi ndi mitengo ikuluikulu.

Nkhalangoyi asanaitchinge ndi waya kuti ikhale yotetezedwa, munali mudzi. Amoyo anasamutsidwa, akufa anatsala. Mayi awo a Chikwanje anagona kumtunda kwa mtsinje, ndipo manda awo ankadziwika ndi mulu wa miyala basi, popanda mtanda kapena dzina. Ntchitoyi anaifunira zomwezo. Akamaliza kulambula, ankakhota n'kukazula udzu pamandapo.

Chaka china chifuwa chinawagoneka kuchipatala dzinja lonse. Kumbuyo kuno kunabwera bwana watsopano, amene analamula kuti tinjira tonse tikhale ndi miyala yopaka laimu m'mbali, alendo asamasochere. Aganyu anakatola pamene inali younjika kale. Avutikirenji kukumba?

A Chikwanje atachira anapeza kumtundako kuli see, udzu utamera mofanana ponseponse. Anazungulira mpaka dzuwa kupendeka, osadziwa ngati akuponda pamutu pa mayi awo. Miyala ina anaizindikira m'njira, itayera mbee, ana a alendo akudumphapo. Tsonotu ino ndi nkhalango imene munthu amamangidwa akangothyola kanthambi.

Bwana anapepesa mwaulemu, nati palibe anamuuza za manda. Analonjeza chikwangwani chofotokoza mbiri ya mudziwo, poti alendo amakonda zoterozo. Kapitawo ndiye anachita kuseka. "Madala, musadandaule, amayi akwezedwa pantchito. Akulondolera alendo tsopano."

Mulungu anamva yekha zimene a Chikwanje anameza pamenepo. Laimu akasuluka, wotumidwa ndi ndowa ndi burashi kukapakanso amakhala iwo omwe. Amapaka ndithu, chifukwa akasiya ntchito geti silidzawatsegukiranso, ndipo mandawo adzawafufuza bwanji ali kunja kwa waya? Chikwangwani chinabweradi, chokongola, n'kuzikidwa pafupi ndi benchi ya alendo, kutali ndi kumene anthu anagona.

Mvula yagwa kangapo, koma bwana sanayankhebe chimene a Chikwanje anamupempha tsiku lija, atavula chipewa pakhomo la ofesi. "Bwana, mungondiuzako kumene aganyu aja amakhala. Mwina mmodzi akukumbukira pamene anatola."