Mpendero umene sunakwanire

Amene anandiuza za ntchitoyi ndi alamu anga a Nambewe, Mulungu awadalitse. Anandipeza ndikupalira mtedza kwathu ku Namitete, patangotha miyezi itatu chiikireni bambo a ana anga m'manda. Anati, "Alamu, ku Msundwe kuli telala wachizimayi akufuna munthu wa manja ofatsa. Kasambeni mupite, anawa simungawadyetse misozi."

Telalayo anali a Nabanda. Ankasoka zofunda za zigamba ndi tizidutswa ta zitenje, ndipo ine anandipatsa ntchito yotsirizira, yoika mpendero m'mphepete. Umadula nsalu m'timizere, mulifupi zala zinayi, mopingasa kuti ikapindike bwino pangodya. Timizereto umatilumikiza, kutipinda pakati, n'kusita ndi simbi ya makala. Ukatero umasokerera ndi makina kumaso kwa chofunda, kutembenuzira kumbuyo, n'kumaliza ndi singano pamanja, ulusi osaoneka.

Ndinagwira bwinobwino mpaka pamene agogo ena a ku Mpingu anabwera ndi zitenje za mwana wawo Esinati, amene anamwalira. Zovala za malemu zitagawidwa kwa abale, iwo anatsala ndi zitatu zokha. Ankafuna chofunda choti adzukulu awo awiri amasiye azifunda. A Nabanda atasoka pakati, panatsala kansalu kamodzi kobiriwira, ka mpendero.

Ndinayeza mbali zonse zinayi ndi tepi, koma ndinaiwala kuti ngodya ndi polumikiza pamadya nsalu. Ndikanadula zala zitatu ikanakwanira. Ine ndinadula zinayi monga mwa masiku onse. Nditasoka kuzungulira, mpendero unaperewera chikhatho chimodzi.

A Nabanda anagwira pakamwa. "Amayi inu, nsalu ya munthu wakufa tikaigula kuti?"

Ndinamasula chitenje changa chapamwamba, chomaliza chimene amuna anga anandigulira, ndinadulako kumapeto n'kulumikiza. Chinali chofiira, sichinafanane ngakhale pang'ono.

Masana agogo aja anafika. Anayendetsa chala m'mphepete mpaka anaima pofiira paja.

"Kodi iyi ndi ya yani?"

Ndinagwada n'kuwafotokozera zonse. Nditamaliza anati, "Ndiye kuti nsalu ya Esinati wanga yathera apa, eti?"

Ndinati eya. Sanandikalipire, komatu bola akanandikalipira. Anangopukuta misozi ndi chofunda chomwecho nati, "Chisiyeni momwemo, mwananga. Inunso mwadula cha malemu wanu." Anachipinda, anachisenza, ulendo kukakwera minibasi.

Kuyambira tsikulo sindigwira sizasi ndisanayeze kawiri, ndipo ndimaonjezera mkono wathunthu. Ndimayambanso ndafunsa mwiniwake kuti nsaluyo inali ya yani.

Ndinamva kuti agogowo anatisiya chaka chotsatira. Adzukulu aja sindidziwa kumene ali, kaya akufunda chiyani. Inu amene mwawerenga, mukagwada kupemphera muwakumbukireko ana a Esinati, pamodzi ndi anga anayi ndi ine mayi wawo.