Choko Chinaima Pansi Katatu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume. Nditalephera kusankhidwa kupita ku sekondale, ndinakhala kwathu kwa Mlonyeni zaka zitatu ndikunamizira kulima. Malume atatopa nane anandikweza pa kaliyala ya njinga mpaka pa Kamwendo, kwa Che Saidi, mmisiri wa zigayo amene anaphunzira ntchito ku migodi ya ku Zambia. Zinali zaka za m'ma 1970, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba. Che Saidi sanafunse za khadi kapena za sukulu. Anandigwira zikhatho n'kuseka. "Zofewa ngati za ansembe. Manje tiona, iwe Lazalo."

Chaka choyamba ndinkatsuka mabawuti m'palafini, kupala zitsulo ndi tupa ndi kupukusa handulo ya injini mpaka phewa kuwawa. Che Saidi anali aukali, ndipo kuyamika sankakudziwa. Koma Lachisanu akamapita ku mzikiti ankandisiyira makiyi onse a shopu yawo, ndipo ine ndinkamva kukoma kuposa kuyamikidwa. Ndinawakonda mkulu ameneyo.

M'chaka chachiwiri ndinazindikira kuti maso awo akuchita ng'ala. Sipanala ankaifufuza ndi manja ili patsogolo pawo. Sitinakambiranepo nkhaniyi. Ankangoti, "Werenga apa, ine ndatanganidwa," ine n'kuwerenga. Ndinkadziwa kuti eni zigayo akamva, ntchito zonse zithawira ku Lilongwe ndipo mkuluyo atha ngati makatani. Ndinalumbira mumtima kuti chinsinsicho sichidzatulukira kwa ine.

Ndiye kunabwera ntchito ya a Mbewe, amene anali ndi chigayo cha dizilo cha kufupi ndi ku Ludzi. Gudumu lolemera la injini yawo, lija amisiri timati fulayiwilo, linang'ambika, ndipo lina silinkapezeka. Injini ya pisitoni imodzi imagunda kamodzi kenako n'kupuma. Gudumulo limasunga mphamvu ya kugundako n'kuibweza pamene injini ikupuma, kuti shafuti, mtanda wachitsulo umene gudumulo limakhalapo, izizungulira mofanana. Popanda ilo chigayo chimadzuka ndi kugwa, lamba amadumpha, ufa umatuluka wa misere.

Che Saidi anati tipanga lathu. Lakale tinaliyeza pa sikelo ya fodya, iwo n'kujambula latsopano ndi khala pa pepala la simenti, mizere ikuluikulu yoti aione. Tinapeza rimu yochindikala ya thirakitala, chitsulo chija pamakhala tayala. "Kulemera kukhale kumphepete," anandiuza. "Pakati ndi pongogwirira." Tinadula zitsulo ziwiriziwiri zofanana n'kuziwotcherera mozungulira rimu, chilichonse moyang'anizana ndi chinzake. Bowo la shafuti tinalisema pa makina, njira ya kiyi, kachitsulo komangira gudumu ku shafuti, ndinaigoba ndekha ndi tchizulo ndi tupa. Zinatitengera masabata atatu.

Chotsala chinali kuliyesa. Gudumu umalilowetsa pa shafuti, n'kuigoneka pa zitsulo ziwiri zowongoka zimene waziyeza ndi levulo kuti zisapendekeke. Umalemba choko kumphepete, kulikankha, n'kulisiya liime lokha. Choko chikamaima malo osiyanasiyana, gudumu lili bwino. Chikamabwerera pamalo amodzimodzi, ndiye kuti mbali ina yalemera, ndipo umaboola timabowo kumeneko mpaka lifanane.

M'mawa wa tsiku loyesa, a Mbewe anatulukira ndi ngolo, alamu awo awiri ali pambuyo. Anali okwiya, poti amayi a m'midzi yawo anali atayamba kusenza chimanga kupita ku chigayo cha wina. Che Saidi anaima mbali inayo ya gudumu pamodzi ndi alendowo, manja atapinda. Choko chinali mbali yanga, ndipo ndinkachiona ndekha. Ndinakankha gudumu.

"Chaima pati, Lazalo?"

"Pansi, bambo."

Ndinakankhanso. Likuzungulira, a Mbewe anakhosomola. "Kodi amisiri, bwanji osapita kukaona nokha? Kumudzi akuti maso anu ayamba kuvuta. Ngati gudumuli lili ndi vuto, nenani, ndipite nayo kwina ntchitoyi."

Alamu aja anayang'anana. Gudumu linagwedera uku ndi uku n'kuima, choko chili pansi pomwe paja. Ndinaona nkhope ya Che Saidi itauma. Kwathu wamng'ono sauza wamkulu pagulu kuti walakwitsa, ndipo masiku amenewo tonse tinazolowera kuyankha zimene wofunsa akufuna kumva.

"Chili m'mbali, bambo," ndinatero.

Kachitatu chinaimanso pansi. Ndinati chili pamwamba.

Ndinkadziuza kuti alendo akachoka ndiboola timabowo mwakachetechete. Koma a Mbewe anakweza gudumulo m'ngolo nthawi yomweyo, ife n'kutsatira wapansi ndi bokosi la zipangizo. Njira yonseyo ndinayenda pambali pa Che Saidi. Za choko sindinawauze. Manyazi anapha lambe.

Masana tinalimanga pa injini, kukhoma kiyi, kukoka lamba. Amayi anali atandanda kale panja ndi madengu awo. Ndinapukusa handulo, injini inagwira, ndipo poyamba inkayenda bwino mpaka amayi ena analuluta. Liwiro litakwera, pansi panayamba kunjenjemera. Malata analira. Che Saidi, amene makutu awo anali akuthwa, anakuwa kuti, "Tulukani nonse!" Tinathawa. Iwo anathamangira ku injini kuti akatseke dizilo, akufufuza chotsekera ndi dzanja. Mabawuti apansi anazuka mu simenti, injini inapendekeka, lamba anawakola mkono wamanja n'kuukokera ku gudumu.

Tinawanyamula pa ngolo yomwe ija mpaka kumsewu, lole ina n'kutifikitsa kuchipatala. Mkono anaudula pansi pa chigongono.

Che Saidi ankauza aliyense wobwera kudzawaona kuti analakwitsa ndi iwo eni. Dzina langa sanalitchule. Ndinatha sabata ndikuwapititsira phala, osadya ine, osagona. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinagwada pambali pa bedi n'kuulula zonse, misozi ikutsika. Che Saidi anatembenukira kwa ine.

"Ndinadziwa pamene pansi panayamba kugwedezeka," anatero motsitsa mawu. "Ndinkakufunsa chifukwa sindinkaona, mwana wanga. Manyazi ndikanagona nawo tsiku limodzi. Dzanja silimera."

Sanandikalipire, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Shopu inatsekedwa. Mwana wawo wamkazi anadzawatenga, ndipo za imfa yawo ndinamva maliro atapita kale.

Ndakonza zigayo moyo wanga wonse, ndipo palibe gudumu lachoka m'manja mwanga ndisanakhutire nalo, mwini wake akwiye asakwiye. Wamkulu akandifunsa, ndimanena chimene ndikuona, ngakhale pagulu. Anthu amati Lazalo ndi wamwano, ndipo sindikana. Ulemu wa mtundu umenewo ndinaupereka kamodzi, unadula mkono wa munthu amene anandiphunzitsa ntchito.