Magalasi Akuda a Rosebell Pamaliro

Rosebell ndi mwana wa a Benson Likaka ndi a Ella a ku Sadzi. Ana ake ndi awiri, Lloyd ndi Brenda. Mkazi ameneyu si wamba. Zaka zisanu ndi zinayi ankatsitsa lole ya matabwa kuchokera pamwamba pa phiri la Zomba, msewu wokhotakhota uja amuna ena amauopa. Chomuvuta chinali maso okha: popanda magalasi, kutali sankaona.

Mlongo wake wa ku Joni anamuitana, madokotala akumeneko n'kumukonza maso ndi makina a kuwala otchedwa leza. Anamuuza momveka: masabata oyambawa musatikite m'maso, utsi ndi fumbi muzithawe, panja muzivala magalasi akuda.

Atangobwerako, apongozi ake aamuna anamwalira ku Matawale. Anapita atavala magalasiwo, n'kukhala pakati pa amayi. A Aggie, mlongo wamkulu wa mwamuna wake Thom, anamuimirira pamaso.

"Alamu, kuno si ku Joni ayi. Bambo agona m'nyumbamo, inu mwabisa maso ngati bwana? Tione misozi."

"Ndi adokotala, alamu. M'masomu muli bala."

"Bala lake lili pati? Ife sitikuliona. Vulani, mukasonkhe moto, anzanu atopa."

Thom anali pomwepo, ndipo anamva zonse. Anangoyang'ana nsapato zake, mwamuna wamkuluwamkulu! Rosebell anaona amayi onse akumuyang'ana, anavula.

Nkhuni zake zinali za paini, zosauma, zothetheka. Atawerama kuti auzire moto, phulusa lotentha linamugwera m'diso lamanzere, dzanja n'kuthamangira lokha. Anatikita. Kachikopa kopyapyala ka pamwamba pa diso, kamene adokotala anadula n'kukabwezera, kanasuntha n'kukwinyika.

Anabwerera ku Joni, madokotala anawongola kachikopako, koma mochedwa. Disolo limaona zinthu ziwiriziwiri mpaka lero, ndiye msewu wa kuphiri sufuna woyendetsa wotero. Lole ija eni ake anaipatsa wina. Rosebell pano amasanja matabwa pansi pa shedi, lole yakeyo ikumudutsa kawiri pa tsiku.

A Aggie amati chinali chifuniro cha Mulungu. Mulungu ndiye anamuvula magalasi? A Aggie anatumiza nkhuku yopepesera kudzera mwa Thom, Rosebell anaibweza ili yamoyo. Iye akufuna abwere okha, aime pamaso pa amayi omwe aja, anene ndi pakamwa pawo kuti ndinalakwa. Chaka chatha tsopano, a Aggie sanapondeko pakhomopo.