Saikoloje ya masamu

Nditakhoza mayeso a Fomu 4, ndinauza makolo anga kuti ndikufuna kukaphunzira saikoloje ku yunivesite. Chifukwa chenicheni chinali chakuti ndinkadana ndi masamu, ndipo ndinamva kuti kumeneko mumangokambirana za maganizo a anthu.

Tsikulo tinali m'chigafa kwathu ku Kaluluma, tikusoka fodya. Abambo anasiya singano.

"Ndiye kuti uzidzadziwa zimene munthu akuganiza?"

"Pang'ono, bambo."

"Basi pita. Udzatiuze zimene ogula fodya ku okushoni amaganiza akamagwira tsamba langa n'kukwinya nkhope."

Amalume, omwe ndi mkulu wa mpingo, anakana. Anati amenewo ndi maphunziro a amisala, ndipo wochezera amisala sachedwa kuyamba kutola mapepala. Amayi anangofunsa ngati kuli yunifolomu.

Masukulu amene ndinkawaganizira anali awiri. Ina inkaphunzitsa kwambiri za uphungu, ndipo pa chithunzi chake panali atsikana akuseka pa kapinga. Inayo inkatchula kafukufuku pafupifupi chaka chilichonse. Ine mtima unali pa kapinga.

Abambo anaimbira foni msuweni wanga wa ku Lilongwe, yekhayo pa mtundu wathu amene anafika pa digiri yachiwiri, ya masitazi. Anakweza mawu a foni kuti chigafa chonse chimve.

"Ukufuna kudzathera pa digiri yoyamba, kapena udzapitirira?" anandifunsa msuweniyo.

Ndisanatsegule pakamwa, abambo anayankha kuti ndidzafika mpaka pa udokotala, poti anali atauza kale anthu kutchalitchi.

"Ndiye usatengeke ndi zithunzi. A masitazi amafuna munthu amene anachitapo kafukufuku wakewake, wodziwa sitatisitikisi, komanso amene aphunzitsi ake angamulembere umboni. Funsa ngati chaka chomaliza mumalemba pulojekiti," anatero msuweniyo.

"Sitatisitikisi n'chiyani?" anafunsa amalume.

"Masamu, malume," anayankha msuweni uja.

Amalume anamasuka nthawi yomweyo. Anati ngati muli masamu ndiye kuti ndi sukulu yeniyeni, si zamizimu ayi. Onse anagwirizana. Ndinapita ku sukulu ya kafukufuku ija, ndipo chaka choyamba ndinalira ndi masamu kuposa mmene ndinalirira ku sekondale.

Pa holide yoyamba azakhali anandikokera kuseri kwa khola. Anati ndiwayang'anitsitse amuna awo, amene ankapalasa njinga kupita pa sitolo kawirikawiri atapesa tsitsi, ndiwauze ngati ali ndi chibwenzi. Ine n'kuti nditangophunzira zigawo za ubongo ndi kujambula magirafu.

Ndinawayang'ana bambowo akupopa njinga yawo, akuimba mluzu. Za chibwenzicho mudzi wonse unkadziwa, ngakhale ana a matenanti.

"Zimenezo sitinafikepo, azakhali," ndinatero.

"Ndiye mukuphunzira chiyani kumeneko?" anatero, n'kukafunsa mayi wogulitsa mandasi, amene anawauza zonse ndi dzina lomwe.