Ngongole Ndi Yanga, Ndalama Ndi za Ana

Tsiku limene ana ake anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, Lenah anathamangira kubanki ku Rongai, tauni ya m'dziko lachilendo komwe ankakhala. Ankafuna kutapa ndalama zimene a Gresham, bambo a anawo, ankatumiza mwezi ndi mwezi chithereni banja, monga khoti linalamulira.

"Akaunti yanu yatsekedwa, mama," anatero wa pakauntala. "Amene anakukongozani abweretsa chikalata cha kukhoti."

Zinali zoona. Lenah anakongola ndalama n'kutsegula saluni, saluniyo n'kugwa. Okongozawo anali atanyamula kale mipando ndi magalasi. Tsopano dzanja lawo linafika m'mbale ya ana.

M'matatu, minibasi ya kumeneko, analira osabisa nkhope. Atafika kunyumba, mwana wake wamkulu Watipa anafunsa, "Amayi, kodi ngongoleyo tinatenga nawo ifenso?"

Funso limenelo ndi lomwe linamudzutsa.

Ndalama ya loya analibe. A Deborah, Mmalawi mnzake wa kutchalitchi, anamulozera ofesi ina yolangiza amayi mwaulere. Kumeneko anamuuza kuti asonyeze komwe shilingi iliyonse inachokera ndi komwe inapita. Masabata atatu anayenda wapansi, kusukulu, kuchipatala, kubanki, kutolera malisiti. Kenako anakadandaula kukhoti. Mlandu unaimitsidwa kawiri. Iye anabwererako kachitatu.

Loya wa okongoza analankhula Chingelezi chozama mpaka thukuta. Kenako Lenah anaimirira.

"Ngongole ndi yanga, sindikukana, ndipo ndidzabweza," anatero. "Koma ndalama izi zimangodutsa m'manja mwanga. Eni ake ndi ana awiri amene ali kunyumba lero m'malo mokhala m'kalasi."

Woweruza anasanthula malisitiwo limodzilimodzi. Potsiriza anavula magalasi.

"Mwana salipira ngongole ya kholo ndi chakudya chake. Akauntiyo itsegulidwe lero lomwe."

A Deborah anagwira pakamwa. Ngakhale loya uja anamuyang'ana Lenah nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba.

Lenah anayamba kuluka tsitsi pakhonde, ndipo m'zaka zitatu anabweza ngongole yonse. Lero ali ndi saluni ku Ngong, ndipo amalipira antchito asanu. Loweruka lililonse amayi amabwera ndi zikalata zawo m'zikwama, iye n'kumawafotokozera poyambira.

Inu amene mwapanikizika lero, musadziweruze nokha mlandu usanamveke. Funsani, gogodani, bwererani kachitatu. Ngakhale muli ndi mantha, imirirani.