Nyimbo Imene Sitinaivomere

Kwathu kuno, kuseri kwa mapiri a Bembeke, nyimbo siimbidwa ndi munthu mmodzi. Wina amayambitsa, ena n'kuvomera. Woyambitsa akaponya mawu ake anthu n'kungoti duu, manyazi ake amaposa a munthu wogwa ndi dengu la tomato pakati pa msika. Ine ndinawachititsa manyazi otere azakhali anga, ndipo ndinachita dala.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo anga, ndiwo ankayambitsa nyimbo pa katchalitchi kathu ka kumudzi. Sankadziwa kuwerenga, koma mawu awo ankaboola chifunga cha mu Juni mpaka anthu okumba mbatatesi kumadimba ankaweramuka. Mawu omwewo ndiwo anawapezetsa ntchito imene sanaifunsire. M'zaka za chipani chimodzi, lole inkabwera kudzatenga amayi kuti akavine ku Boma kukafika akuluakulu, ndipo azakhali ankawaika patsogolo, nsalu ya chipani ili m'chiuno. Panali nyimbo ina yotamanda mtsogoleri imene dera lonse linkaidziwira pa iwo. Ndinakula ndikuimva, ndipo nditapita kusukulu n'kutseguka m'maso pang'ono, ndinayamba kunyansidwa nayo.

Pamene mphepo ya matipate inkawomba, ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene, wa taye imodzi ndi maganizo ambirimbiri. Anandisankha kuyang'anira kwaya chifukwa ndinkatha kulemba nyimbo m'kope ndi kugwedeza manja ngati a makwaya a m'tauni. Kuno ambiri anali akadali a chipani chakale, choncho ndinkadziona ngati ndine ndekha wolimba mtima m'mudzi monse. Kunena zoona, kulimba mtima kwanga kunkaonekera pa anthu okhaokha amene sakanandibwezera.

Loweruka lina masana tinkakonzekera Misa yothokoza pa zokolola. Azakhali anati ali ndi nyimbo ya zopereka. Anaimirira, anamanga bwino chitenje, n'kutseka maso. Atangoyamba ndinazindikira chuni chake. Chinali chomwe chija cha pa lole. Ndinapsa mtima moti mawu ake sindinawamvetsere n'komwe. Amayi a kwaya anali atakoka kale mpweya kuti avomere, koma ine ndinakweza dzanja, chikhatho chitayang'ana kwa iwo. Ndinali nditawaphunzitsa ndekha kuti dzanja likatero aliyense atseke pakamwa.

Palibe anavomera. Azakhali anafika kumapeto kwa mzere wawo n'kudikira. Anayambanso, mwina poganiza kuti anthu sanamve bwino. Dzanja langa linali likadali m'mwamba. Ulendo wachitatu mawu anatuluka motsika, n'kuthera panjira.

"Azakhali," ndinatero, "nyimbo za pa lole zinatha. Muno ndi m'nyumba ya Mulungu, si pabwalo la chipani."

Atsikana awiri anaseka chobisa. Azakhali anandiyang'ana.

"Ndamva, aphunzitsi," anatero.

Anali asananditchulepo choncho. Kwa iwo ndinali "mwana wa achimwene" chibadwire. Anatola chisekese chawo pabenchi n'kutuluka, ife n'kupitiriza ndi nyimbo ya m'buku.

Ku kwaya sanabwerenso. Ku Misa ankabwera, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi khomo, pakamwa pali chitsekere. Ine ndinkayenda modzitukumula, n'kumauza aphunzitsi anzanga kuti ndasesa tchalitchi.

Patapita pafupifupi chaka, ndinali pakhonde ndi mayi anga tikusankha mbatatesi ya mbewu. Ndinatchulanso nkhani ija, ndikuyembekeza kuti andiyamika. Iwo sanadzutse n'komwe mutu.

"Kodi iwe wanzeruwe, mwini wake wa nyimbo ija ukumudziwa?"

"Si a chipani?"

"Chipani chinayamba chaika mwana m'manda?"

Ndiye anandifotokozera. Ine ndisanabadwe, mwana woyamba wa azakhali, wamkazi, anamwalira ndi chikuku atangoyamba kuyenda. Kumanda, dothi likuthiridwa, azakhali anayamba kulira moimba, ndipo amayi a m'mudzi anavomera. Nyimbo inabadwa pomwepo. Wapampando wa amayi a chipani analipo pa malirowo, ndipo chuni chinamukomera. Miyezi ingapo itadutsa anabwera ndi mawu ena otamanda, nati aziimba amenewo. Masiku amenewo wokana ankadziwa yekha kumene akagone.

"Zaka zonse zija ankavina maliro a mwana wawo, mano ali pamtunda," anatero mayi. "Tsiku lija anaona kuti zinthu zasintha, ndiye anati aibweze nyimbo kwawo. Ukanatchera khutu ukanamva. Ankati, 'Landirani, Ambuye, amene munandibwereka.'"

Ndinachita manyazi amene sanandichokebe mpaka lero. A chipani anawalanda nyimbo koma anawasiyira mawu. Ine, mwana wa achimwene awo, ndinawalanda zonse ziwiri.

Ndinapita kwawo ndi paketi ya shuga. Ndinawapeza akupeta nyemba kuseri kwa nkhokwe. Analandira shuga ndi manja awiri, nafunsa za kusukulu. Ndinapepesa, n'kuwapempha kuti abwerere adzatiphunzitse nyimbo ija.

"Ndinaiwala, aphunzitsi," anatero. "Ukalambatu uwu."

Tonse tinkadziwa kuti sanaiwale. Ndinabwererako kangapo m'zaka zotsatira, yankho lili lomwelo. Chimene sindinachite, ndipo ndinkadziwa kuti n'chimene chinkafunika, ndi kuimirira pamaso pa kwaya n'kunena kuti ndinalakwa. Ndinawanyozera pagulu, kupepesa ndinkakapepesera kuseri kwa nkhokwe. Loweruka lililonse ndinkati ndinena sabata yamawa.

Azakhali anamwalira m'nyengo ya dzinja, chimanga chikumasula. Tinawaperekeza kumanda m'mawa, mvula ikuwaza, kwaya ikuimba nyimbo za m'buku monga ndinakonzera. Amuna atayamba kukwirira, nyimbo inatha ndipo panangomveka makasu. Sindinapangane ndi aliyense. Ndinayambitsa nyimbo ya azakhali ndi mawu anga osalongosokawa, ndikudziwa mzere woyamba wokha umene mayi anandiuza. Ndinkayembekeza kuti andisiya ndekha, ndipo ndinkaona kuti n'zondiyenera.

Ndisanamalize n'komwe mzerewo, amayi a kwaya anavomera. Anavomera mwamphamvu, napitiriza ndime yachiwiri ndi yachitatu, mawu amene ine ndinali ndisanawamvepo, otchula ngakhale dzina la kamwana kaja. Anali amayi omwe aja amene anakoka mpweya Loweruka lija. Onse ankadziwa mwini nyimbo, ankadziwa ndi chimene azakhali ankapempha. Chimene chinawatseka pakamwa tsiku lija ndi dzanja langa lokha, ndipo azakhali analowa m'manda asanamvenso anthu akuwavomera.